Magetsi Sazima ku Onaiza

Tsiku loyamba kumva nyimbo za bwana wanga, ndinathamangira m'chipinda cham'mwamba nditanyamula sikuludiraiva. Ndinkayesa kuti pali china chikupsa. Kunkamveka phokoso longa mphepo yolowera pabowo la lata, pansi pake chinthu chikungoti gu gu gu osasintha, ndipo mwa apo ndi apo kankatulukira kamluzu kochokera kutali, kukwera, kukwera, mpaka mano kuchita dzanzi. Ndinakankha chitseko osagogoda n'komwe. Ndinawapeza atakhala pampando wawo, maso ali chitsinzinire, miyendo atatambasula, kapu ya khofi ataikhazika pamimba. Anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana sikuludiraiva ija.

"Palibe chawonongeka," anatero. "Ndi nyimbo."

Ndinapepesa n'kutuluka chambuyo. Mumtima ndinati, ngati izi ndi nyimbo, ndiye kuti chigayo cha kwathu ku Dedza chakhala chikuimba zaka zonsezi ife osachiwombera m'manja.

Apo n'kuti nditangotha sabata zitatu ku Doha. Ndinabwera pa kontirakiti ya zaka ziwiri, ntchito yoyendetsa galimoto ndi kusamala nyumba ya bambo wina wa ku Finland, injiniya, amene ankakhala yekha m'dera la Onaiza mumzindamo. Ine ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumbayo. Mkazi wanga ndi ana athu aakazi awiri ndinawasiya ku Kawale, ku Lilongwe, ndipo chilichonse chimene ankadya ndi kuvala chinkachokera pantchito imeneyi. Kuno munthu ngati ine amakhala chifukwa cha pepala, ndipo pepalalo limakhala ndi moyo bwana akasainapo. Akapanda kusaina, umalongedza chikwama. Zimenezi ndinkagona nazo, ndinkadzuka nazo.

Bwanawo anali munthu wosalankhula. Sindikunena kuti anali wankhanza ayi, koma mawu ankawatulutsa ngati amachita kugula. Tinkatha kuchoka ku Onaiza mpaka kukafika ku ofesi yawo ku Al Mirqab, magalimoto atathithikana mumsewu, iwo atangopereka moni wa mmawa basi. Kwathu munthu akakhala chete chonchi ndiye kuti wamulakwira, choncho miyezi yoyambirira ndinkangokhalira kudzifunsa kuti kodi ndalakwanji. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ndi mmene analengedwera. Tinkalankhulana m'Chingerezi, chawo chouma, changa chopindika, koma tinkamvana.

Mtima wawo wonse unali m'chipinda cham'mwamba chija. Khoma lonse la kumanzere linali mashelufu, ndipo m'mashelufumo munadzaza zimbale zakuda zikuluzikulu zija zoimba ndi singano, zimene ine ndinkayesa kuti zinatha kalekale. Zambiri zinali za magulu oimba a kwawo, nyimbo zimene iwo ankazitchula kuti space rock, ati chifukwa zimamutenga munthu n'kupita naye kuthambo. Zikuto zake zokha zinali nkhani: mapulaneti ofiirira atapachikika pamwamba pa nkhalango ya paini, bowa wamkulu kuposa nyumba, diso lili pakati pa mwezi, zombo zouluka. Mayi anga akanaziona akanati tiitane abusa. Mwezi uliwonse ndinkatumidwa kukatenga phukusi lathyathyathya lochokera ku Finland, ndipo bwana ankalitsegula pang'onopang'ono, atasamba m'manja. Chimbale sankachigwira pamimba, ankachigwira m'mphepete mokha, n'kuchipukuta ndi kaburashi kofewa asanachiike pa galamafoni.

Nyimbo zakezo sizinkafulumira kuyamba, komanso sizinkafuna kutha. Imodzi inkatha kudzaza mbali yonse ya chimbale, woimba osatsegula pakamwa. Ng'oma inkagwira njira imodzi n'kukakamira yomweyo. Besi inkabwereza kanthu kamodzi, kubwereza, kubwereza, ngati munthu akusinja. Pamwamba pake magitala ankalira mozungulira, kuchoka sipika ya kumanja kupita ya kumanzere, ndipo limba linkatulutsa mphepo ndi mluzu zija zinandithamangitsa tsiku loyamba. Mawu akabwera anali ochepa, a m'chinenero chawo, omvekera patali. Zovina ayi. Paukwati wa kwathu mutaika zimenezi, anthu angakugendeni.

Lachisanu lina masana, limene kuno ndi tsiku lopuma, ndinawapititsira khofi ndipo ndinachedwa kutuluka. Phazi langa linali litayamba kugunda pansi ine osadziwa. Bwana analiona. Anangotsikira okha kukhitchini, n'kubwera ndi kampando kamatabwa kopanda chotsamira, n'kukaika pambali pa mpando wawo. Ndinakhala. Kuyambira tsiku limenelo, Lachisanu lililonse ikakwana thiri koloko masana, kampando kaja kanali kanga.

Ndivomereze, ndinayamba kuzikonda. Munthu ukakhala kutali ndi kwanu mutu sukhala chete. Umangowerenga masiku, kuganizira mwana amene akutsokomola, denga limene likudontha, mkazi amene mawu ake pafoni amveka otopa. Nyimbo zija zinkautenga mutuwo n'kuupatsa njira imodzi yoti uyendemo, ndipo pofika pakati pa chimbale nkhawa zinkakhala zitatsalira m'mbuyo. Bwana ankandionetsa chikuto n'kunena mawu awiri atatu. Gulu ili ndi la tauni ya kumpoto kumene nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Awa anajambulira m'kanyumba ka matabwa pafupi ndi nyanja imene madzi ake amauma gwa. Chimbale ichi n'chachitatu, choyamba chinali chaukali, chachiwiri chachisoni, apa ndiye anapeza njira yawo. Ndinaphunzira kusiyanitsa. Ndinafika pokhala ndi maganizo angaanga, n'kumanena kuti ichi ng'oma yake ndi yaulesi, ndipo iwo ankasekera m'mphuno. M'nyumba ina iliyonse ku Doha kuno dalaivala sauza bwana kuti ng'oma yake ndi yaulesi. Ine ndinkatero, ndipo ndinkanyadira.

Panali chimbale chimodzi chimene sankachiika pamodzi ndi zinzake. Chikuto chake chinali chosakongola, pepala lotuwa lojambulidwa pamanja, mwezi uli m'ngolo. Anandiimbira nditatha chaka. Singano itangotera, nyimbo isanayambe, panamveka mwamuna akuwerenga m'chinenero chawo kuti anzake ayambire pamodzi, kenaka n'kulakwitsa, n'kuseka kaseko kakafupi kosasa, n'kuyambiranso kuwerenga. Ndiye ng'oma n'kulowa.

"Mkulu wanga," anatero bwana. "Ankaimba besi. Anamwalira."

Anandiuza kuti gululo silinatchuke, linadinditsa zimbale zochepa chabe n'kubalalika, ndipo ichi mkulu wawoyo anawapatsa ndi manja ake. Anabweza singano kuti timvenso kaseko kaja. Anaibwezanso kachitatu. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa bambo anga anamwalira ndisanakhale ndi foni yojambula, ndipo mawu awo ndinali nditayamba kuwaiwala.

Mwezi wa Julaye wa chaka chachiwiri, bwana anapita kwawo kutchuthi cha sabata zisanu. Kontirakiti yanga inali kutha mu Sepitembala, ndipo anali atandiuza kuti akabwerako tidzakhala pansi asaine mapepala owonjezera zaka zina ziwiri. Mmawa wonyamuka anakwera m'mwamba kukamvera mkulu wawo asanapite. Ine ndili pansi, injini ikulira, maso pa wotchi. Ndinaliza hutala kawiri, chinthu chimene sindinkachita. Anatsika mothamanga, chimbale atachisiya pa galamafoni, atangotseka chivundikiro chake cha pulasitiki. Pabwalo la ndege anandigwira chanza n'kunena kuti, "Zonse uzisiye mmene zilili."

Ine ndinamva kuti ndisasunthe katundu. Safunsa anadya phula.

Kuti mumvetse chimene ndinachita, muyenera kudziwa mmene ndinakulira. Bambo anga anakokera magetsi m'nyumba mwathu ndili sitandade sikisi, ndipo kuyambira pamenepo babu loyaka m'chipinda mopanda munthu unali mlandu wa mbama. Nditakwatira, ku Kawale tinkagula mayunitsi pang'onopang'ono, ndipo mmawa uliwonse ndinkasuzumira kamita ngati ndikuzonda wodwala. Dzanja langa limazimitsa swichi lokha, mutu usanaganize. Tsono taganizani, munthu wotere atsale yekha m'nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi, chipinda chilichonse eyakoni ikupuma osalekeza, kuziziritsa mipando ndi makoma. Masiku awiri ndinapirira. Tsiku lachitatu ndinayenda chipinda ndi chipinda kuzimitsa maeyakoni onse, firiji ndi zina za m'khitchini osazikhudza, ndipo ndinamva kukoma mumtima. Ndinadziuza kuti bwana akadzamva adzati uyu ndiye munthu wosamala, uyu tisamutaye.

M'chipinda cha nyimbo ndinawonjezanso china. Mayi anga ankati chipinda chotsekedwa chimachita fungo ndi nkhungu, ndipo mankhwala ake ndi dzuwa. Ndinakoka makatani olemera aja, amene chibwerereni ndinali ndisanawaone atatsegulidwa, dzuwa n'kulowa mpaka patebulo la galamafoni. Zimbale sindinazikhudze, monga anandiuzira. Ndinatseka chitseko bwinobwino n'kutsika ndikuimba mluzu.

Amene sanakhaleko ku Doha mu Ogasiti sangamvetse. Kutentha kumene timadandaula nako ku Nsanje kuno angakuseke. Chitsulo cha geti chimawotcha dzanja, madzi a pampopi amatuluka oti n'kufululira tiyi, mphaka weniweni amakana kudutsa msewu masana. Ine ndinkaziona zonsezi tsiku ndi tsiku, m'kachipinda kanga ndinkayatsa eyakoni yanga ndikalephera kupuma, koma mutu wanga sunalumikize kuti m'mwamba muja zinthu zikupsa. Sabata zinayi zinadutsa.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti bwana abwere, ndinakwera ndi chokolopera ndi nsalu yopukutira fumbi. Nditatsegula chitseko mpweya wotentha unandimenya kumaso, pamodzi ndi kafungo ka pulasitiki. Ndinataya chokolopera n'kuthamangira kumashelufu. Ndinasolola chimbale chimodzi, chachiwiri, chachisanu. Zinali bwino, chifukwa zinali zothithikana komanso kumthunzi. Mtima unayamba kukhala m'malo. Kenaka ndinatembenukira ku galamafoni.

Pansi pa chivundikiro chija, chimbale cha mkulu wawo chinali chitapindika. M'mphepete mwake munali mutatukuka mbali imodzi n'kutsika mbali ina, ngati chipewa cha mlaza chimene chavumbwa ndi mvula. Ndinakhala pansi pamatailosi otenthawo. Chimene chinabwera m'maso mwanga si nkhope ya bwana ayi, koma mkazi wanga akundichingamira pabwalo la ndege, akufunsa ndi maso okha kuti bwanji mwabwera msanga.

Ndinayatsa eyakoni, n'kutseka makatani, n'kudikira kuti chipinda chizizire. Kenaka ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo: ndinatsitsa singano ndekha. Inakwera kaphiri kaja, n'kudumpha, n'kukagwera mkati pamene ng'oma inali italowa kale. Ndinayesanso. Chimodzimodzi. Nyimbo inalipo, ikuyenda modzandira, koma kuwerenga kuja ndi kaseko kaja zinali m'mphepete penipeni, pamene panapindika kwambiri, ndipo singano sinkafikaponso.

Munthu yekhayo amene ndikanamuuza anali mnzanga wa ku Mangochi, mlonda pa nyumba ina yosanja ku Al Aziziya. Tinadziwana m'ndege pobwera. Iye anali atagwirako kale ntchito kuno, choncho ankadziona ngati katswiri wa za Doha. Ndinamupeza masana m'kanyumba kake ka pageti, akudzikupiza ndi katoni ngakhale fani inali ikuzungulira. Anayang'ana chithunzi cha chimbalecho pafoni yanga nthawi yaitali.

"Achimwene, walahi mwapalamula," anatero. "Munthu kuzimitsa ma-AC mu August? Anakutumani ndani? Bill mumalipira ndinu?"

"Ndimafuna kuwasevera bwana."

"Kusevera! Mwawasevera zedi. Contract ikutha liti?"

"September. Anati akabwera asaina."

Anapukusa mutu, n'kutenga foni yake, n'kuyamba kufufuza ine ndikumuwerengera zilembo zimene ndinakopera pachikuto. Zimbale za magulu ena a ku Finland zinatuluka zambirimbiri, mapulaneti ndi bowa zomwe zija, zina ndinazizindikira. Chathu ayi.

"Mafi," anatero, kutanthauza kuti kulibe. "Ndiye tamverani. Number one, chipanikizeni ndi chinthu cholemera, mwina chiwongoka, inshallah. Number two, chikakana, osayamba zokonfesa. Mzungu asaine kaye, khalas, zitheretu, ndiye muzinena zanuzo. Ma-papers poyamba, chilungamo pambuyo. Ana anu sadya chilungamo."

Ndinamukwiyira, chifukwa ankanena zimene ine ndinali nditaganiza kale panjira.

Pobwerera ndinadzera ku Al Mirqab, pa shopu ina yogulitsa masipika ndi zoimbira. Ndinamuonetsa wogulitsayo chithunzi chija, n'kufunsa ngati pali makina owongolera. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kolala, n'kufunsa kuti n'cha ndani. Ndinati n'changa. Anaseka, n'kunena kuti ngati n'changa ndichite mbale yoikamo mtedza.

Masiku asanu otsatirawo ndinasanduka sing'anga wa chimbale. Ndinachiika pakati pa magalasi awiri a patebulo, pamwamba n'kusanjikiza mabuku a uinjiniya a bwana, thumba la mpunga, ndi chibotolo cha madzi akumwa. Mmawa uliwonse ndinkachotsa zonsezo n'kusuzumira, mtima uli m'mwamba. Chinkaoneka ngati chawongokako, koma ndikachisiya ola limodzi chinkabwerera mwakale. Ndinaganizapo za simbi, ndinafika poilumikiza kumagetsi, koma Mulungu anandigwira dzanja. Chakudya chinasiya kulowa. Mkazi wanga ataimba foni anati mawu anga akumveka ngati a munthu wodwala malungo, ine ndinati ndi kutentha chabe. Mwana wathu wamkulu analanda foni n'kundiuza mokuwa kuti wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Ndinamuyamikira.

Ndinayesanso kudzinamiza. Ndinati nyimbo zimenezi n'zokhotakhota kale, ndani angasiyanitse kupindika kwadala ndi kupindika kwa dzuwa? Koma kaseko kaja ndinkadziwa kuti kapita, ndipo madzi akatayika sawoleka. Tsiku lomaliza ndinachibwezera pa galamafoni mmene ndinachipezera, n'kutseka chivundikiro, n'kuyatsa maeyakoni onse m'nyumba.

Ndinakawatenga pabwalo la ndege Lachinayi mmawa. Ankaoneka opepukidwa, ndipo anandibweretsera maswiti akuda amchere amene anthu a kwawo amati ndi okoma. Ndinadya limodzi kuti ndisawakhumudwitse. Njira yonse anali chete monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo kukhala chete kwawoko kunkandilemera pamapewa. Titafika anasiya zikwama pabalaza n'kukwera m'mwamba. Ine ndinaima m'khitchini nditagwira m'mphepete mwa sinki. Ndinamva singano ikutera, n'kudumpha. Kunati zii. Inateranso, n'kudumphanso. Kenaka kunangoti zii mpaka ndinayamba kumva firiji ikulira.

Anatsika atachinyamula ndi manja awiri. Nkhope yawo sinkaonetsa mkwiyo. Ikanakhala ya mkwiyo bwenzi zili bwino.

"Ndinachisiya pamakina," anatero. "Pamenepo wolakwa ndine. Koma chipindacho chinatentha. Chinachitika n'chiyani?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'masiku asanu ndi limodzi aja, ena oona, ena abodza. Onse anathawa. Pakamwa panga panatuluka chimene Mmalawi aliyense amanena nyama ikawola mufiriji, mwana akapanda kulemba homuweki, foni ikapanda kupezeka:

"Magetsi anazima, bwana."

Kwathu mawu amenewa safuna umboni. Aliyense amangogwedeza mutu, wina n'kuwonjeza kuti kwawonso anazima, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine ndinali nditakhala ku Onaiza pafupifupi zaka ziwiri, ndipo babu linali lisanaphethireko ngakhale kamodzi. Ndinazindikira zimenezi mawu atatuluka kale. Bwana anandiyang'ana, kenaka maso awo anapita kuseri kwanga n'kuima pamenepo kanthawi. Anati, "Chabwino," n'kukweranso m'mwamba. Atapita ndinacheuka kuti ndione chimene amayang'ana. Panali uvuni chabe, kawotchi kake kobiriwira kakuonetsa nthawi.

Sabata ziwiri zotsatira sindidzaziiwala. Bwana sanandikalipire, sanasinthe kanthu. Moni wa mmawa, Al Mirqab, madzulo kubwerera. Ndinkawasuzumira pagalasi la galimoto kufuna kuwerenga nkhope yawo, koma palibe chimene ndinkatolapo. Akatsokomola ndinkati ayamba. Akatenga foni ndinkati akuimbira a ejenti kuti awapezere dalaivala wina. Tsiku lina ndinapitirira pokhotera pathu, njira imene ndikanatha kuiyenda nditatsinzina, ndipo iwo anangoloza ndi chala. Lachisanu loyamba m'mwamba munali zii. Lachisanu lachiwiri nyimbo zinamveka, koma motsitsa, ndipo ine sindinayerekeze kukwera ndi khofi.

Kangapo konse ndinafika pakhomo pa chipinda chawo nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena. Ndikakweza dzanja kuti ndigogode, ndinkamva mawu a mnzanga uja, ana anu sadya chilungamo, ndipo dzanja linkatsika lokha. Iye ankanditumizira mauthenga tsiku lililonse: "Asaina? Sabr, achimwene, dekhani. Pakamwa potseka." Ndinkadzida. Ndinkadziwa kuti kuzimitsa eyakoni kunali kupusa, koma za magetsi zija zinali bodza, ndipo bambo anga, amene anandiphunzitsa kuzimitsa babu, bodza ankalimenyera mbama ziwiri.

Lamlungu lina mmawa, limene kuno ndi tsiku loyamba la ntchito, anandiitana patebulo la m'khitchini tisananyamuke. Mapepala anali pomwepo, cholembera chili pambali. Anandifunsa ngati ndikufuna kukhalabe zaka zina ziwiri. Ndinati eya. Anandifunsa ngati pali china chimene ndikufuna kunena asanasaine. Anafunsa mofatsa, maso ali pa ine, ndipo anadikira. Anadikira nthawi yaitali. Ndinaganiza za mwana wanga, sutikesi yake yatsopano, yunifolomu imene amayi ake anali atampimitsa kale kwa telala.

"Palibe, bwana."

Anasaina. Tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anandipatsa cholembera, nanenso ndinasaina. Ndinkayembekeza kuti mtolo utsika, koma unalemera kuposa kale, ndipo inki isanaume pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinanena zonse: maeyakoni, makatani, magalasi ndi thumba la mpunga, ngakhale za simbi. Ndinanena za bambo anga ndi babu. Ndinapepesa, ndipo misozi inatuluka, ine bambo wa ana awiri.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka analoza uvuni.

"Magetsi akazima ngakhale mphindi imodzi, kawotchi ako kamayamba kuphethira mpaka munthu akakonze. Iwe sudziwa kukakonza. Ndinadziwa tsiku lomwe lija."

"Nanga mwasainiranji, bwana?"

"Umayendetsa bwino galimoto. Uli ndi ana." Anasonkhanitsa mapepala n'kuwaika m'chikwama. "Za eyakoni ndikanazimvetsa. Unkafuna kuchita zabwino, ndipo ine sindinakufotokozere. Ndadikira sabata ziwiri. Lero ndakufunsanso." Anayang'ana wotchi ya pamkono. "Tiye, tichedwa."

Mnzanga wa ku Mangochi atamva anawomba m'manja. "Mwaona? Mafi mushkila, palibe vuto! Ma-papers muli nawo, kukonfesa mwakonfesa, mukufunanso chiyani? Inu muli ndi mwayi, achimwene." Ankanena zoona. Mwana anapita kusukulu. Mkazi wanga anaimba foni akululutira. Chimbale chija bwana anachibwezera m'chikuto chake chotuwa, n'kuchiika pamalo pake pakale, padera, ndipo sindinachimvenso chikuimba.

Lachisanu lotsatira, thiri koloko itakwana, ndinafulula khofi n'kukwera. Ndinagogoda. Anati ndilowe. Munkaimba chimbale chachitatu chija, chimene ankadziwa kuti ndimachikonda. Analandira kapu ndi manja awiri n'kuthokoza mwaulemu. Ndinayang'ana pambali pa mpando wawo. Kampando kaja kanalibepo. Ndinaima pang'ono, iwo anatsinzina, ine n'kutuluka n'kutseka chitseko. Ndinakapeza kukhitchini, pakona pamene kanachokera, pafupi ndi chibotolo cha madzi.

Zaka ziwiri zija ndinazigwira zonse, ndipo bwana sanandilankhulepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Maphukusi a ku Finland ndinkawatengabe mwezi ndi mwezi, koma zikuto zake sindinazionenso. Lachisanu lililonse masana ndinkakhala pakampando kaja m'khitchini, pansi penipeni pa chipinda cha nyimbo. Magitala ndi limba sizidutsa simenti. Imene inkandifika ndi besi yokha ndi ng'oma pang'ono, gu gu gu, ndipo zimbale zakale zonse ndinkazizindikira ndi kugunda kwake. Chikabwera chatsopano ndinkachidziwanso. Nthawi zina ndinkamva kuti ichi ng'oma yake ndi yaulesi, koma panalibe woti ndimuuze.